Mtima wa Kamane Uli m'Thumba

"Tsikani, alamu. Ndakupemphani, tsikani tikambirane pansi pano."

Gende sanacheuke n'komwe. Anali atagwada pamalata, sipanala m'manja, akumasula sola ija mosatekeseka ngati akuthyola khofi m'munda mwake. Analavulira kumbali mate ofiira a mtedza wa buai umene ankatafuna, ndipo anagwera pafupi ndi phazi la Benedicta, mkazi wamasiye wa mng'ono wake Kamane.

"Tikambirane chiyani? Sola iyi anagula ndani?"

"Anagula mng'ono wanu."

"Eya, mng'ono wanga. Ndalama zake anazitola panjira? Si za uphunzitsi? Nanga sukulu imeneyo anamulipirira ndani? Nkhumba zanga zinathera pa Kamane, ine n'kutsala wosatha kulemba dzina langa. Iwe unali kuti? Unali kwanu ku Gumine ukukumba mbatata."

"Sindikukana, alamu. Koma maliro sanathe. Dothi kumaso kwangaku silinachoke. Dikirani phwando lipite, mudzatenge zonse zimene mukufuna."

"Sola imalira maliro?"

"Nanga munthu wapakati ndizikhala mumdima?"

"Agogo ako anabereka ana awo pa sola?"

Amayi a Degemba, mayi wa Gende ndi malemu Kamane, anali khale pakhomo pa nyumba yawo, nkhope ili mbuu ndi dothi la maliro. Benedicta anawayang'ana kuti mwina alankhulapo. Iwo anangoyang'ana mapazi awo. Chimwalirire mwana wawo sanalankhule naye mtengwayu mawu opitirira moni.

Gende anatsitsa sola, analowa m'nyumba osaodi, natuluka atanyamula batire lalikulu ndi kabokosi kake ka magetsi. Pakhomo anaima.

"Nanga laputopu ija?"

"Ndinakuuzani kale. Inali ya sukulu, a hedi anatenga."

"Ndidzawafunsa."

"Kawafunseni."

Linali bodza, ndipo Benedicta sanali munthu wozolowera kunama. Laputopu inali m'nyumba momwemo, m'bilumu, thumba loluka lija, itakutidwa ndi malaya akale, ili lende pamsomali wa kuchipinda.

Kamane anagwa m'kalasi choko chili m'manja, mwamuna wa mphamvu zake, osadandaulapo ngakhale mutu. Kwathu kuno munthu wotero sangofa. Pamakhala wina, ndipo winayo kawirikawiri amakhala mkazi wochokera kutali, wopanda alongo ake pafupi. Pa maliro anthu ankalira ndi diso limodzi, linalo likufunafuna amene sakulira mokwanira.

Tsiku lomwe anamwalira, laputopu anaisiya patebulo atangoipinda. Ndimo ankachitira. Ankati, "Iyi sindiizimitsa, Bene, ndimangoigoneka. Ukaitsegula imadzuka yokha. Koma ikazimiratu, imafunsa mawu achinsinsi." Benedicta ankamugemula kuti mawuwo ayenera kuti ndi dzina la chibwenzi, iye n'kumangoseka, kumati adzamuuza. Munthu wa zaka zake afulumira chiyani? Anapita nawo m'manda.

M'laputopumo munali Kamane yense amene anatsala padziko. Foni yake Gende anakagulitsa kutauni ya Kundiawa, ati kugulira mpunga wa pamaliro. Koma m'laputopu munali makanema: Kamane akuimba ndi gitala lake losowa nsambo imodzi, Kamane akuyeserera phunziro la mawa, ndi kena komwe anaika nkhope pafupi ndi mimba ya mkazi wake n'kumati, "Iwe wam'katimo, ndine bambo ako. Chonde usadzatenge mphuno ya amayi ako." Benedicta ankafuna chinthu chimodzi basi, kuti mwanayo akadzabadwa adzaone nkhope imeneyo ndi kumva mawu amenewo.

Msuweni wake wa ku Kundiawa, wodziwa za makompyuta, anamuuza pa kafoni kake ka mabatani kuti, "Ubwere nayo isanazime, ndidzakutulutsira zonse. Ikazima, ine ndilibe chochita." Koma wamasiye sachoka pamudzi nkhumba zisanaphedwe ndi dothi lisanasambidwe. Akachoka, ndiye kuti akuthawa, ndipo wothawa ndiye wapha. Tsiku la phwandolo wolinena anali Gende, ndipo Gende ankati adikire khofi agulidwe.

Choncho Benedicta anayamba kulisunga batire lija ngati mchere wa m'nyengo ya mvula. Kuwala anakuchepetsa mpaka pamapeto, monga anamulangizira msuweni, moti nkhope ya Kamane inkaoneka ngati ya munthu woima m'nkhungu. Ankaitsegula masana okha, mvula ikayamba kusokosa pamalata anthu onse atabisala, n'kuonera kanema mmodzi, n'kuipindanso msangamsanga. Ikagona, kanyali koyera ka m'mbali kankayaka ndi kuzima pang'onopang'ono. Koma ngakhale yogona imadya. Kachizindikiro ka batire ka pakona kankaphwa tsiku ndi tsiku.

Katafika pakati, anapita kukhola la nkhumba komwe Skola, mkazi wa Gende, ankathira makoko a mbatata.

"Achemwali, ndili ndi mawu."

"Ngati ndi za sola, ine ndilibe pakamwa. Mukuwadziwa amuna anga."

"Sindikufuna sola. Ndikufuna pobayira chingwe basi."

Anamuuza zonse. Skola anaika pansi ndowa, napukuta manja pa siketi.

"Ndiye a hedi aja?"

"Ndinanama."

"Mayo, Bene. Bwanji osangowauza? Ndi mbale wawo, mwina akhoza kumva chisoni."

"Foni ija anaimvera chisoni? Munali zithunzi za ukwati wathu mmene muja. Akangoiona iyi, mawa lomwe ili ku Kundiawa."

Sola ija tsopano inali padenga la kasitolo ka Gende, komwe anyamata ankatchajitsa mafoni pa ndalama ya kina imodzi uku akusewera zoponya timivi pa thabwa.

"Lachisanu amapita kumsewu kukakumana ndi ogula khofi," anatero Skola. "Mudzaiike pansi pa mbatata. Ndidzaibaya kuseri kwa matumba a mpunga. Koma akadzandigwira, ine sindikudziwani."

Zinatheka kawiri. Ulendo wachiwiri Skola anaibweza maso ali ofiira. Anali ataitsegula.

"Ndangomva akuimba pang'ono," anatero. "Munthu uja ankaphonya nyimbo, inu."

"Ankaphonya zedi."

Anaseka onse awiri, kenako analira.

Tsoka linabwera ndi mvula ya matalala. Inkagunda malata mwakuti Benedicta anakweza mawu a laputopu mpaka kumapeto kuti amve. Mvula ya kumapiri kuno siitsanzika. Inangoti du, ndipo m'bata limenelo kuseka kwa Kamane kunadzaza nyumba yonse, kuseka kwake kuja kokokera mpweya m'kati. Benedicta anaipinda mofulumira, naiponya m'thumba, naikoloweka pamsomali. Malaya okutira aja anatsala pabedi.

Pakhomo panali pataima Amayi a Degemba. Anali atausa mvula m'khonde.

"Muli ndani m'nyumba muno?"

"Mulibe munthu, amayi."

"Ndamva mwana wanga."

"Mwina ndi mvula."

"Ndinamubereka ine. Ungandiuze kuti ndi mvula?"

Anamukankhira pambali, nasuzumira kuchipinda. Munali mdima wa mitambo. M'maso a thumba lija kanyali kankatuluka, n'kubwerera, n'kutulukanso.

"Chikugunda," ananong'ona mayiwo. "Chili m'thumbacho chikugunda."

Apa ndi pomwe Benedicta akanalankhula. Mawu anafika pamilomo. Koma Amayi a Degemba sanabisirepo Gende kanthu chibadwire, ndipo zikanafika kusitolo dzuwa lisanalowe. Anangoti, "Si kanthu, amayi." Mayiwo anatuluka chobwerera m'mbuyo, osamufulatira.

Nkhani ya ufiti siifuna miyendo. Pofika Lamulungu mudzi wonse unkadziwa kuti mkazi wa ku Gumine ndi sanguma, kapena kuti mfiti, kuti anachotsa mtima wa Kamane ali moyo, ndipo akuusunga m'bilumu, ukugundabe. Ena anawonjeza kuti amaudya pang'onopang'ono. Ena ankati malemuyo amalira masana kupempha kuti amumasule. Kutchalitchi benchi yomwe Benedicta anakhalapo inatsala yake yekha. Kumtsinje amayi ankatunga madzi kumtunda kwake, ana awo atawagwira pamkono.

Lachisanu anapita kukhola ndi mbatata zake. Skola sanalandire thumba.

"Sindingathe, Bene."

"Latsala pang'ono, achemwali. Kamodzi kokha."

"Kiyi akuyenda nayo m'thumba la buluku masiku ano. Ndiponso anthu akutiona."

"Ndiye kawauzeni. Inu mwaiona ndi maso anu, mukudziwa kuti si mtima wa munthu."

"Ndikanene kuti ndakhala ndikuba magetsi a amuna anga kupatsa mfiti? Mwaiwala za kutsidya zija? Amene anaikira kumbuyo mnzake anamuwotchera limodzi. Ndili ndi ana ine." Anayang'ana uku ndi uku. "Ingoiperekani. Moyo wanu ndi kanema, chachikulu n'chiti?"

"Mwana uyu adzati bambo ake anali wotani?"

"Mudzamuuza."

"Ndidzamuuza ndi pakamwa panga pomwepa, pa mfiti? Onse adzamuuza kuti amako anadya abambo ako. Ndikufuna adzamve kwa iwo eni kuti tinkaseka m'nyumba muja."

Skola anatola ndowa yake napita.

Kuyambira pamenepo Benedicta analeka kuitsegula. Ankangokhala pabedi kuyang'ana kanyali. Zoona zake, nayenso mantha anayamba kumulowa. Anthu akanena chinthu kwa nthawi yaitali, chimayamba kukhala ndi mano. Ankapezeka akupuma motsatana ndi kanyaliko, kakayaka n'kukoka mpweya, kakazima n'kutulutsa. Ankakalankhula. "Pirira, Kamane. Khofi watsala pang'ono kugulidwa." Nthawi zina ankaona ngati kachedwa kuyakanso, ndipo thupi lonse linkachita tsemwe. Ankaopa anthu a kunja, koma ankaopa kwambiri mdima wa m'thumbamo.

Gende ndi anyamata ake anabwera m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda. Benedicta anamva kuwaza nkhuni pabwalo, kenako fungo la tayala likupsa. Atasuzumira anaona anyamata a pasitolo paja atanyamula zikwanje, ndi zitsulo ziwiri zomangira nyumba zitalowetsedwa pamoto. Amayi a m'mudzimo anaima patali ndi ana awo. Palibe amene ankaseka kapena kukuwa.

"Tuluka," anatero Gende. "Utuluke ndi thumba lako."

Anatuluka atalikumbatira pamwamba pa mimba.

"Amayi amva mawu. Aona chinthu chikugunda. Ife sitikufuna zambiri. Ubweze mtima wa mng'ono wanga tikauike pamodzi ndi thupi lake, utiuzenso anzako amene unadya nawo."

"Ndilibe mtima wa munthu, alamu."

"Zitsulo izo zikufunsa bwino kuposa ine."

Mnyamata wina anatembenuza chitsulo pamoto. Nsonga yake inali itayamba kufiira. Mwana anagunda m'mimba, ndipo Benedicta anadziwa kuti zobisa zatha. Anagwada pamatope, namasula thumba. Anthu anabwerera m'mbuyo, mayi wina n'kuphimba maso a mwana wake.

Anaitulutsa, naitsegula. Inadzuka. Pakona kabatire kanali psuu, katatsala kamzere kopyapyala ngati ulusi. Kanema uja anali pomwe anamusiyira tsiku la matalala, ndipo anadina batani.

"Iwe wam'katimo, wandimva? Kunja kuno kuli agogo ako, a Degemba. Amakalipa, koma usadzawaope, mbatata yawo yowotcha ilibe inzake. Kulinso atate ako aakulu, a Gende. Amenewo ndi amene anandiphunzitsa sukulu, udzawapatse ulemu."

Amayi a Degemba anayenda ngati munthu wa kutulo, nagwada pambali pa mtengwa wawo. Anatambasula dzanja nakhudza tsaya la mwana wawo pagalasi, chala chikusiya dothi.

"Kamane. Wawonda bwanji, mwana wanga? Bwanji uli mumdima?"

"Ndinachepetsa kuwala, amayi, kuti batire lisathe."

Mnyamata wa chitsulo uja anakanda m'mutu. "Akulu, iyi ndi laputopu chabe."

Gende anaidziwa isanatsegulidwe n'komwe. Nkhope yake inagwa. Koma anali ataitana mudzi wonse, atawotcha tayala, ndipo mwamuna wotero kubwerera m'mbuyo pamaso pa anyamata ake kumamuvuta kuposa kupha.

"Ndiye ndi ija inatengedwa ndi a hedi?"

Pagalasi panatuluka kabokosi kochenjeza. Benedicta anakadziwa.

"Alamu, ikuzima. Chingwe ndi ichi, sitolo ili apo. Tsegulani tiibaye, mukatero mundifunse chilichonse. Ikazima siidzatsegukanso, mawu ake ankawadziwa ndi iwo okha."

"Uyambe wayankha. Unanama kapena sunaname?"

"Ndinanama."

"Kweza mawu, anthu amve."

"Ndinanama. Ndinaopa kuti mugulitsa. Ndapota nanu, kiyi."

"Mwamva? Wakuba katundu wa malemu. Wonama pa chimodzi angalephere kunama pa china? Ndani akudziwa zomwe anamudyetsa mng'ono wanga?"

"Gende," anatero Amayi a Degemba osachotsa maso pagalasi, "tsegula sitolo."

"Amayi, dikirani. Nkhani iyi ithe bwinobwino. Tikaithamangira, mawa azidzati Gende anasonkhanitsa anthu pachabe."

"Mng'ono wako akulankhula. Tsegula."

"Ndikuti dikirani. Ayambe wanena kuti ankaitchaja kuti masiku onsewa, poti sola ili kwanga."

Benedicta anayang'ana kusitolo. Skola anali ataima pakhomo lokhoma lija, manja ali pakamwa. Benedicta anaweramitsa mutu, dzina la Skola sakanalitchula.

Pagalasi Kamane anali atatenga gitala. "Tsono ndikuimbire nyimbo yomwe agogo ako ankandiimbira ine. Amayi ako akuti ndimaphonya, koma iwe ndiwe udzaweruze. Imayamba chonchi..."

Anakweza dzanja pa nsambo, ndipo galasi linati bii. Benedicta anayang'ana m'mbali. Kanyali kanali katazima.

Sanakuwe. Anangokhala pansi pamatope pomwepo, manja ali pamimba, chisoni chitamuphwanya kuposa tsiku la maliro, pakuti tsiku lija anali ndi kena kotsala.

Amayi a Degemba anagwedeza laputopu pang'ono, monga momwe amadzutsira mwana. "Imba, Kamane. Ndikumva."

Anyamata anayamba kuchoka mmodzimmodzi, zikwanje atazibisa kumbuyo. Apo ndi pomwe Gende anapisa m'thumba. Anatsegula sitolo, natenga laputopu m'manja mwa mayi ake, naibaya yekha, zala zikulephera kupeza pobayira.

"Iyaka," ankatero. "Zinthu izi zimayaka. Mukuona? Yayaka."

Inayakadi. Panabwera chithunzi cha nyanja ya kudziko lina, ndi kabokosi koyera kopanda kanthu, kakudikira mawu. Gende analemba dzina la Kamane mothandizidwa ndi mnyamata wina. Inakana. Anayesa dzina la mudzi, la sukulu, la Benedicta. Inakana.

"Mlamu," anatero, ndipo kanali koyamba kumutchula choncho chichitikire maliro, "palibe chomwe ukukumbukira?"

Benedicta anapukusa mutu.

Amayi a Degemba anadzuka movutikira. Anapita pamoto paja, nakoka zitsulo zija ndi chikuni, n'kuzigwetsera m'matope momwe zinalira ndi kufuka nthunzi. Kenako anagwira mtengwa wawo pamkono namudzutsa, n'kutembenukira kwa mwana wawo wotsalayo.

"Ulendo woyamba sindinaone amene anapha mwana wanga," anatero ndi mawu otsika. "Lero ndaona."